Mafunso ndi mayankho okhudza veneer pomanga ndi pokongoletsa nyumba ku Mulanje ndi ku Thyolo

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene akalipentala, eni nyumba ndiponso omanga malo ogona alendo amafunsa mobwerezabwereza kuyambira ku Bvumbwe, kudutsa Luchenza ndi Chitakale, mpaka ku Muloza. Tayamba ndi mafunso a munthu amene akumva nkhaniyi koyamba, kenako tafika pa a mmisiri amene akufuna kuigwira ntchitoyo ndi manja ake.

Kodi veneer n'chiyani?

Veneer ndi thabwa lenileni lochekedwa mopyapyala kwambiri, limene limamatidwa pamwamba pa thabwa lina lotsika mtengo kuti chinthucho chioneke ngati chonse chapangidwa ndi mtengo wapamwambawo. Yokongoletsera imakhala yopyapyala pafupifupi mamilimita 0.6, pamene yopangira plywood imakhala yokhuthalirapo, kuyambira milimita imodzi kufika mamilimita atatu kapena kupitirira pang'ono.

Anthu a kuno anaidziwa kalekale ngakhale sankaitchula dzina limeneli. Mabokosi amene makampani a tiyi ankapakiramo tiyi wotumiza kunja, matumba a mapepala asanabwere, anali a plywood, ndipo plywood ndi magawo a veneer omatikizidwa mopingasana. Zitseko zosalala za m'zipinda zamkati, zimene zili m'nyumba zambiri za pa boma, nazonso nkhope yake ndi veneer. Lusoli silatsopano ayi, pakuti Aiguputo akale, amene dziko lawo linali ndi mitengo yochepa, ankamata tizidutswa ta mitengo yodula pa mipando ndi pa mabokosi awo zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Kodi ndi chimodzimodzi ndi Formica kapena melamine?

Ayi. Formica ndi melamine ndi mapepala osindikizidwa chithunzi cha mtengo, omwetsedwa mankhwala ouma ngati pulasitiki. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti mizere yake imabwerezeka ndendende pa panelo lililonse, pamene pa veneer palibe magawo awiri ofanana kotheratu, chifukwa mtengo umasintha pang'onopang'ono mpeni ukamalowa mkati. Veneer imalola kupalidwa ndi sandipepala ndi kupakidwa vanishi kapena mafuta, koma melamine ikakalika palibenso chochita. Tiyenera kunenanso chilungamo kuti pamwamba pa kabati ya kukhitchini, pomwe pamagwa madzi ndi kutsamira mapoto otentha, Formica imapirira kuposa veneer.

Amaipanga bwanji?

Chipika chimayamba chaviikidwa m'madzi otentha kapena kufukizidwa nthunzi kuti chifewe, kenako chimadulidwa ndi mpeni waukulu, osati macheka. Njira zazikulu ndi ziwiri. Pa njira yoyamba chipika chimazunguzidwa pa makina, mpeni n'kumachisenda, ndipo veneer imatuluka yaitali ngati nsalu yoyalidwa kuchoka pa mpukutu. Imeneyi ndi njira yopangira plywood, ndipo ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa mitengo ya paini ku fakitale ya Raiply ku Chikangawa. Pa njira yachiwiri chipika chimang'ambidwa kaye kukhala zigawo, ndipo mpeni umasepa gawo limodzi limodzi kuchoka pamwamba. Veneer yosepedwa chotere ndi imene imaonetsa mizere yokongola, ndipo magawo ake amasungidwa motsatana monga anachokera pa chipika, n'cholinga choti mmisiri athe kuwayalanitsa bwino pa chitseko kapena pa khoma.

Kodi veneer imapulumutsadi mitengo, kapena ndi nkhani ya amalonda chabe?

Masamu ake ndi osavuta. Thabwa lokhuthala mamilimita 25, likasepedwa m'magawo a mamilimita 0.6, limatulutsa magawo pafupifupi 40. Izi zikutanthauza kuti mtengo umene ukanapanga pamwamba pa tebulo limodzi la mbawa yokhayokha ukhoza kupereka nkhope ya matebulo ambirimbiri. Kuwonjezera apo, mpeni sutulutsa utuchi. Aliyense amene anaonapo ocheka matabwa ndi macheka a manja kapena a injini akudziwa mulu wa utuchi ndi zikhungwa umene umatsala pa dzenje, ndipo nthawi zambiri matabwa otuluka pamenepo safika n'theka lomwe la chipikacho.

Komabe sitinganene kuti veneer iliyonse ndi yosamala chilengedwe. Pali zinthu zitatu zimene ziyenera kuyendera limodzi. Mtengo wosepedwawo uyenera kukhala wodulidwa movomerezeka, thabwa la pansi liyenera kuchokera ku mitengo yodzalidwa, ndipo chinthu chopangidwacho chiyenera kukhalitsa. Kabati ya veneer imene yafufuma n'kutayidwa patangotha nyengo ziwiri za mvula yawononga mtengo, guluu, mafuta a galimoto yoinyamula ndi ndalama za mwini wake, ndipo pamenepo tebulo la mlombwa limene lakhala pa banja zaka makumi anayi ndi limene lasamala nkhalango. Kwa ife okhala m'dera la chinyezi, funso la kukhalitsa ndi lalikulu kuposa ena onse, ndipo n'chifukwa chake mayankho ambiri m'munsimu akukamba za madzi, guluu ndi kamatidwe.

Nkhaniyi ikutikhudza mwapadera chifukwa tinaona ndi maso athu zimene zimachitika mapiri akakhala opanda mitengo. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo inatha pafupifupi yonse, ndipo namondwe Freddy atafika mu Marichi 2023 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kupha anthu ambiri ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Blantyre. Veneer yokha singathetse kudula mitengo kumene gwero lake lalikulu ndi makala, nkhuni ndi minda, koma pa gawo la matabwa a mipando ndi zitseko ikhoza kuchepetsa kwambiri mitengo yachilengedwe imene timagwetsa.

Ndimakonda fungo ndi maonekedwe a mkungudza wa m'phiri la Mulanje. Kodi ndingapeze veneer yake?

Yankho lathu ndi lakuti musaifunefune. Mkungudza wa ku Mulanje, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, umamera mwachilengedwe m'phiri lino lokha padziko lonse, ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi mu 1984. Matabwa ake ndi onunkhira, savunda msanga ndipo chiswe sichiwakonda, ndiye anthu anaucheka kwa zaka zambiri popangira madenga, mabwato, zitseko ndi timabokosi togulitsa kwa alendo. Ngakhale phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, kudula mozemba ndi moto wolusa zinapitirira mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itaimirira. Mu 2019 mtengowu unaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zachilengedwe zimene zili pangozi.

Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi Forestry Research Institute of Malawi ndi Botanic Gardens Conservation International, lakhala likuthandiza magulu a m'midzi yozungulira phiri kufesa mbande, ndipo zikwi mazanamazana zadzalidwa pamwamba pa phiri. Mbande zimenezi zikufunika zaka zambiri kuti zikule, ndipo ntchito yawo yoyamba ndi kubwezeretsa nkhalango, osati kukongoletsa balaza la munthu. Wina akakuuzani kuti veneer imadya mtengo wochepa, choncho palibe vuto kusepako mkungudza umodzi, dziwani kuti mfundo imeneyo imagwira pa mtengo umene ulipo wambiri ndipo ukudzalidwanso. Pa mtengo umene watsala pang'ono kutheratu, wogula aliyense amalimbikitsa wodula wina kukwera phiri.

Ngati muli ndi matabwa akale a mkungudza ochokera pa nyumba yogumulidwa, amenewo asungeni ndi kuwagwiritsanso ntchito mosamala. Kalipentala waluso akhoza kuwang'amba mopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi, n'kumata pa zitseko za kabati m'malo mowadulira m'miyendo ya mabenchi.

Nanga mbawa, mlombwa ndi msambamfumu?

Imeneyi ndi mitengo imene veneer imaoneka phindu lake lenileni, chifukwa ndi yokongola, imakula mochedwa ndipo ikusowa. Pa msonkhano wa CITES wa mu 2022 ku Panama, mitundu ya mu Africa ya mabanja onse atatuwa inaikidwa pa mndandanda wachiwiri, kutanthauza kuti kudutsa nayo malire kumafuna ziphaso. M'dziko muno, lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango podula ndi ponyamula mitengo yachilengedwe. Choncho mukagula matabwa kapena veneer ya mitengo imeneyi, funsani kumene inachokera ndi mapepala ake. Mbawa ili ndi mwayi wina, woti imamera bwino ikadzalidwa m'mphepete mwa mitsinje ya kuno, ndipo amene akudzala lero m'nyengo yodzala mitengo, kuyambira Disembala mpaka Epulo, akukonzera ana ake chuma chenicheni.

Kodi bulugama ndi paini zingatulutse veneer yabwino?

Inde, ndipo m'maganizo athu apa ndi pamene tsogolo lagona. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje ili ndi nkhalango zake za bulugama zimene nkhuni zake zimaumitsira tiyi m'mafakitale, ndipo alimi ambiri ali ndi bulugama m'malire a minda yawo. M'mayiko monga Brazil, Uruguay ndi China bulugama amasendedwa kwambiri kupanga plywood. Vuto lake ndi lakuti chipika chimang'ambika kumapeto chikangodulidwa, ndiye chimafuna kufika ku makina msanga, komanso mtengo wofunika veneer uyenera kusadzidwa nthambi udakali waung'ono kuti usakhale ndi mfundo zambiri.

Paini ndi amene akutipatsa plywood ndi blockboard (timatabwa tomatikizidwa, tokutidwa ndi veneer mbali zonse ziwiri) kuchokera ku nkhalango ya Viphya, imene kudzala kwake kwakukulu kunayamba mu 1964 ndipo inafika mahekitala pafupifupi 53,000. Anthu ena amanyoza nkhope ya paini kuti ndi yotuwa komanso ya mfundo, koma plywood yosankhidwa bwino, yopalidwa ndi kupakidwa vanishi wosanyezimira, imapanga siling'i ndi mashelefu oyera amene amawalitsa chipinda m'masiku a mitambo. Palinso veneer yopangidwa kuchokera ku mitengo yokula msanga imene imanyikidwa mu utoto, kumatikizidwa ndi kusepedwanso kuti ifanane ndi mitengo yodula, ndiponso ina ya nsungwi.

Veneer imamatidwa pa chiyani?

Imamatidwa pa plywood, blockboard, MDF (ulusi wosalala wa mtengo wopanidwa pamodzi ndi guluu) kapena chipboard (tizidutswa ta mtengo topanidwa pamodzi ndi guluu), ndipo mapanelo onsewa amabwera mu muyeso wa mamilimita 1220 ndi 2440, umene amisiri amati mafiti 4 kwa 8. MDF ndi yosalala kwambiri ndipo nkhope yake imatuluka bwino, koma ikamwa madzi imafufuma osabwereranso. Chipboard ndi yotsika mtengo ndipo ndi imene imafooka msanga kuposa zonse. Blockboard ndi yopepuka, imagwira sikuluwu bwino ndipo ndi yoyenera zitseko zazitali za wadilobu. Kwa nyumba ya ku Mulanje kapena ku Thyolo timalangiza plywood kapena blockboard pa chilichonse chimene chili pafupi ndi pansi kapena ndi khoma lakunja, ndipo MDF isiyireni malo ouma a m'mwamba.

Kuno kumagwa mvula yambiri, ndiye kumabweranso chiperoni. Kodi veneer singamatuke?

Ikhoza kumatuka ngati ntchitoyo yagwiridwa ngati kuti nyumbayo ili ku malo ouma. Madera a tiyi a m'munsi mwa phiri ndi ena mwa amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo pamene madera ena auma, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kuno kumatha kukhala nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo otsatizana. Mtengo umamwa chinyezi cha mumpweya n'kufufuma, kenako umauma n'kubwerera mu Okutobala, ndipo guluu wofooka satha kupirira kukokana kumeneku.

Pali zochita zingapo zimene zimathandiza kwambiri. Mapanelo ndi veneer zisungidwe masiku angapo m'chipinda chimene zikagwiritsidwe ntchito zisanamatidwe, zitagonekedwa pamalo athyathyathya, osati kuzitsamiritsa ku khoma. Musamate mapanelo pa khoma limene pulasitala wake sanaumitsitse. Pakati pa khoma ndi panelo pakhale timatabwa tosiya mpata woti mpweya uziyenda, apo ayi kuseri kudzachita chuku. Kabati ikhale ndi miyendo kapena tsinde la thabwa lolimba, kuti madzi okolopera asafike pa panelo. Chofunika koposa ndi m'mphepete, chifukwa madzi amalowera pamenepo, ndiye mphepete iliyonse, ngakhale yobisika, itsekedwe ndi kathabwa kolimba ndi kupakidwa vanishi. Nyumba imene maziko ake alibe pulasitiki wotchinga chinyontho ikonzedwe kaye vuto limenelo, chifukwa palibe veneer imene ingapirire khoma lotuluka thukuta.

Nanga chiswe?

Chiswe chimadya plywood ndi blockboard monga chimadyera paini aliyense. Veneer ya mtengo wolimba siiteteza thabwa la pansi, pakuti ndi yopyapyala kwambiri. Chitetezo chimayambira pa maziko a nyumba, pa kusalola thabwa kugunda dothi, ndi pa kuyang'ana kuseri kwa makabati kamodzikamodzi ngati pali tinjira ta dothi.

N'chifukwa chiyani amisiri amati veneer imatidwe mbali zonse ziwiri za panelo?

Veneer ikamauma pambuyo pomatidwa imakoka thabwa la pansi, ndipo ngati ili mbali imodzi yokha panelo limapindika kulowera mbali imeneyo. Kumata ina kuseri kumachititsa kuti kukokako kufanane. Ya kuseriyo siyenera kukhala yodula, bola ikhale yokhuthala mofanana ndipo mizere yake iloze kumodzi ndi ya kutsogolo. Vanishi nayenso apakidwe mbali zonse. Zitseko zambiri za kabati zimene zimakana kutsekeka m'nyengo ya dzinja zinalakwika pa mfundo imeneyi, mmisiri atafuna kupulumutsa ndalama pang'ono.

Ndine kalipentala wa pa msika, ndilibe makina opanira. Kodi ndingathe ntchito ya veneer?

Mungathe, ndipo njira yosavuta kuyambira ndi kugula mapanelo amene anamatidwa kale ku fakitale, inu n'kungodula, kulumikiza ndi kutseka m'mphepete. Podula gwiritsani ntchito macheka a mano ang'onoang'ono, ndipo muyambe mwalemba mzere ndi mpeni wakuthwa kuti nkhope isathetheke.

Ngati mukufuna kumata nokha, guluu woyera wa matabwa amagwira bwino pokhapokha panelo lapanidwa mofanana paliponse mpaka guluuyo atauma. Ikani thabwa lathyathyathya pamwamba, pepala pakati kuti zisamatirirane, kenako panani ndi makalampu ndi timitanda topingasa, kapena sanjikizani zolemera zambiri. Guluu wa kontaki, amene ambiri amamuzolowera pomata Formica, ndi wachangu, koma sauma gwa, ndiye veneer yopanda pepala kuseri imatha kuyenda ndi kung'ambika nyengo ikamasintha. Amathandiza pa veneer yokhala ndi pepala kuseri komanso pa malo okhota. Popala gwiritsani sandipepala wosalala, ndi dzanja, motsata mizere, ndipo kumbukirani kuti mamilimita 0.6 amatha msanga, makamaka m'makona. Amene akuphunzira ukalipentala m'sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA achita bwino kupempha alangizi awo kuti awaonetse kayalanitsidwe ka magawo, chifukwa pamenepo ndi pomwe ntchito ya mmisiri mmodzi imasiyanirana ndi ya mnzake.

Ndamva kuti mapanelo ena amatulutsa mpweya woipa. N'zoona?

N'zoona. Mapanelo ambiri a m'nyumba amamatidwa ndi guluu wokhala ndi mankhwala otchedwa formaldehyde, amene amatuluka ngati mpweya pang'onopang'ono, makamaka panelo likakhala latsopano komanso kukatentha ndi kuchita chinyezi. Mpweyawu umayabwa m'maso ndi pakhosi, ndipo bungwe la World Health Organization linauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Pogula yang'anani chizindikiro cha E1, chimene chimasonyeza kuti panelo limatulutsa wochepa. Kutseka mphepete ndi kupaka vanishi mbali zonse, monga tafotokozera pa funso la chinyezi, kumachepetsanso vutoli. Chipinda chatsopano chizitsegulidwa mawindo kwa milungu ingapo, makamaka chogona ana. Mmisiri wodula MDF azivala chotseka pakamwa ndi mphuno, popeza fumbi lake ndi losalala kwambiri.

Ndi malo ati m'nyumba amene veneer imayenera?

Imayenera pa zitseko zamkati, mawadilobu, mashelefu a mabuku, kumutu kwa bedi, khoma limodzi la pabalaza, siling'i, ndi pa tebulo lolandirira alendo la ofesi kapena malo ogona. Eni malo ogona alendo okwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula, amene phirili litalowa m'kaundula wa malo otchuka a UNESCO mu 2025 akuyembekezera alendo ochuluka, akhoza kupatsa zipinda zawo maonekedwe a mtengo popanda kugula thabwa limodzi lochokera m'nkhalango yotetezedwa. Veneer siyenera pa chitseko chakunja, pa khonde, m'bafa, pansi pa sinki kapena pa mafelemu a mawindo. Pamalo amene dzuwa limawomba tsiku lonse mtundu wake umasintha, choncho katani imathandiza.

Kodi veneer ndi yokongoletsera basi, kapena ingathandize pa kumanga kwenikweni?

Yopyapyala ija ndi yokongoletsera basi, koma magawo okhuthala akamatikizidwa amakhala olimba kwambiri. Plywood yokhuthala imagwiritsidwa ntchito ngati chikombole chothiramo konkire, ndipo ikasamalidwa imagwira ntchito kangapo, kusiyana ndi matabwa amene amathyoledwa akangogwira kamodzi. M'mayiko ena amapanga mitanda yotchedwa LVL pomatikiza magawo ambiri a veneer oloza kumodzi, ndipo mitanda imeneyi imanyamula madenga otambalala kuchokera ku mitengo yaing'ono yodzalidwa. Malamulo a 2018 a National Construction Industry Council, amene analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda, anasonyeza kale kumene ntchito yomanga ikulowera, ndipo matabwa ochokera ku mitengo yodzalidwa akugwirizana ndi cholinga chomwecho. Kumene plywood ikanyamule katundu kapena kukumana ndi madzi, funsani ya guluu wosasungunuka ndi madzi, imene nthawi zambiri imalembedwa WBP, ndipo muyeso wake aupereke ndi injiniya.

Ikawonongeka, kodi imakonzeka?

Zambiri zimakonzeka. Pamene yatukumuka, ng'ambani pang'ono ndi lezala motsata mizere, lowetsani guluu, ikani pepala pamwamba n'kupana mpaka mawa lake. Pa mapanelo ena simbi yofunda pang'ono, yodutsitsidwa pamwamba pa nsalu, imafewetsa guluu wakale n'kumatanso. Pamene pathetheka dulani kachigamba kofanana mizere, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kupempha mmisiri akusiyireni zidutswa zotsala ntchito ikatha. Chimene sichikonzeka ndi chipboard kapena MDF yofufuma ndi madzi, imeneyo imafuna kusintha panelo lonse. Posamala tsiku ndi tsiku, pukutani ndi nsalu yofinya bwino, ndipo musaike kapu ya tiyi wotentha pa tebulo popanda choyalapo.

Pogula ndifunse chiyani, nanga mtengo wake umasiyana bwanji ndi wa matabwa wamba?

Mitengo imasinthasintha ndi mphamvu ya kwacha, makamaka pa mapanelo okongoletsa ochokera kunja amene amapezeka m'masitolo a zomangira ku Limbe ndi ku Blantyre, choncho yerekezani mtengo wa ntchito yonse, kuphatikizapo mayendedwe, timatabwa ta m'mphepete ndi vanishi, osati wa panelo lokha. Pa malo otambalala monga wadilobu kapena khoma, veneer nthawi zambiri imatsika mtengo kuposa mlombwa kapena mbawa yeniyeni, koma pa kanthu kakang'ono monga mpando kusiyanako kumachepa.

Funsani dzina la mtengo wa nkhope, mtundu wa thabwa la pansi, dziko limene panelo lachokera, ndi ngati lili ndi chizindikiro cha FSC kapena PEFC, zimene zimasonyeza kuti nkhalango yake imayang'aniridwa. Yang'anani m'mphepete kuti muone ngati magawo a mkati alibe mipata, gogodani nkhope kuti mumve ngati pali pomwe sipanamatike, ndipo kanani panelo limene lasungidwa poimika pa malo onyowa. Ngati ntchito yanu ikufuna mapanelo angapo oyandikana, asankheni tsiku limodzi kuchokera pa mulu umodzi, chifukwa obwera pa ulendo wina amatha kusiyana mtundu. Ponyamula kuchoka ku Limbe m'nyengo ya mvula, agonekeni pansi pa galimoto, muwafunditse lona kumbali zonse, ndipo akafika alowe m'nyumba tsiku lomwelo.